Fumbi la Chitsulo ndi Safa wa Eliness

Tsiku limene Eliness anakumana ndi Onesimo, mchere wake unali pansi.

Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Eliness anali atangotsika minibasi pa Chinseu ku Ndirande, jumbo ya mchere umene anakaoda ku Limbe ili pamutu. Njinga yamoto ya kabaza inamudutsa mwaliwiro n'kumugunda chigongono. Jumbo ija pansi phuu! Mchere wonse mbwee pamchenga.

"Mayo ine! Iwe wa kabaza, maso unasiya kunyumba?"

Koma wa kabaza anali atakhota kalekale. Mnyamata wina woitanira minibasi anaseka. "Sisi, ingoiwalani. Madzi akatayika saoleka."

"Madzi inde," anatero mawu ena kumbuyo. "Koma uwu ndi mchere."

Eliness anatembenuka. Anali mnyamata wamtali, wopisira malaya, nsapato zili mbuu ndi fumbi. M'manja ananyamula maginito a sipika ya wailesi, atamatirira tinthu takuda ngati ubweya. Munthuyo anagwada pamchenga pomwepo n'kuyamba kuolera mchere m'jumbo yake, mchenga ndi zinyalala zomwe.

"Mukutani inu?"

"Ndikuola."

"Mchere wamchenga ndikagulitse kwa ndani? Mukufuna ndikathyole anthu mano?"

"Mukafika kunyumba muuthire m'madzi. Mchere usungunuka, mchenga ukhala. Musefe ndi kansalu koyera, madziwo muwasiye aphwe. Mchere wanu mukaupeza pansi pa beseni."

"Makala ophitsira madziwo mugula ndinu?"

"Dzuwa ili ndi laulere, achemwali."

Eliness anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupambana. Mnyamata uja anati dzina lake ndi Onesimo, amaphunzitsa kemisitiri pa sekondale ina yoyendera ku Chilomoni. Ku Ndirande anabwera kudzatola fumbi la chitsulo kwa anyamata owotcherera, chifukwa ku labu ya sukulu yawo linatha kalekale.

Atangomva za kemisitiri, nkhope ya Eliness inagwa. Phunziro limeneli ndi limene linamutsekera khomo la sukulu ya unamwino. Anali atalembetsa kuti adzalembenso mayeso a fomu folo, koma buku akalitsegula mutu umangowawa.

"Ndipatseni nambala," anatero Onesimo. "Mchere ukabwera mundiuze. Ndi za sayansi basi."

Za sayansi basi! Abale, anyamata a mu Blantyre! Koma nambala anapatsidwa.

Patapita masiku angapo, foni ya Onesimo inalira ali m'chipinda cha aphunzitsi. Chinali chithunzi cha beseni, pansi pake pali mchere woyera mbee.

"Aphunzitsi, mchere wabwera. Ndinu mfiti eti?"

"Si ufiti. Mchere ndi mchenga zinangokhalira limodzi, sizinakwatirane. Loweruka ndibwere ndidzakufotokozereni?"

"Bwerani. Koma mukadzagula nyemba."

Eliness ankagulitsa nyemba, mpunga ndi mchere pa benchi ya amayi ake mumsika wa Ndirande. Loweruka limenelo Onesimo anabwera, anagula nyemba, anakhala pa thumba la mpunga. Loweruka linalo anabweranso. Nyemba zinadzaza m'nyumba mwake, mpaka anayamba kugawira aneba.

"Zinthu zonse za padziko pano zili m'magulu atatu," anatero Onesimo tsiku lina, Eliness akusankha miyala mu nyemba pa lichero. "Loyamba ndi elementi. Chimenechi ndi chinthu cha mtundu umodzi wokha. Chitsulo ndi chitsulo basi. Uchidule, uchipere, uchisungunule, supezamo china. Golide chimodzimodzi. Okosijeni, mpweya uja umatipatsa moyo, chimodzimodzi."

"Ndiye kuti elementi ndi mbeta."

"Eya, mbeta. Ngati iwe."

"Ndani wakuuza kuti ndine mbeta?"

Apa n'kuti "inu" atatha kale, atayamba "iwe". Amayi a Eliness anali pa benchi yoyandikana, akunamizira kuthamangitsa ntchentche, khutu lili kuno.

"Lachiwiri ndi msakanizo. Ndi zimene zili pa lichero lakolo. Nyemba ndi miyala zili pamodzi, koma nyemba ikadali nyemba, mwala ukadali mwala. Miyala ichuluke kapena ichepe, zilibe kanthu. Ndipo ukhoza kuzilekanitsa ndi manja, ndi sefa, ndi madzi, ngati mchere wako uja."

"Nanga lachitatu?"

Onesimo anatapa mchere pang'ono n'kuuika m'dzanja la Eliness. Dzanjalo sanalisiye msanga.

"Lachitatu ndi kompaundi. Mchere uwu unapangidwa ndi maelementi awiri. Wina ndi sodiyamu, kachitsulo kolusa, ukakaponya m'madzi kamayaka moto. Wina ndi klorini, mpweya wapoizoni. Aliyense payekha akhoza kukupha. Koma akagwirana, pa muyezo wake weniweni, amasanduka chinthu chatsopano. Sichiyaka, sichipha. Timathira m'ndiwo."

"Ndiye ndingawalekanitse ndi sefa?"

"Ngakhale usefe mpaka Yesu adzabwere."

Eliness anayang'ana mchere uja nthawi yaitali. Kusukulu anangomuloweza zimenezi ngati nyimbo. Lero anazimva.

"Iweyo ndiwe uti? Woyaka kapena wapoizoni?"

"Ine ndine woyaka, Eli. Ndinayaka tsiku lija pa Chinseu, mpaka lero sindinazime."

"Iii! Bodza lako!" Koma anabisa nkhope ndi lichero.

Kuyambira pamenepo mafoni sanapume. M'mawa: "Wadzuka bwanji mchere wa ndiwo zanga?" Masana: "Wadya? Usandifere ndi njala, aphunzitsi anga." Eliness akalakwitsa funso, Onesimo amati chilango chake ndi kuyenda naye wapansi kuchoka ku Ginnery Corner mpaka ku Chichiri. Mtsikanayo anayamba kulakwitsa dala.

Chakumapeto kwa chaka, Onesimo anabwera ndi mphatso. Atsikana ena amalandira mafuta onunkhira, ena nsapato. Eliness analandira kabotolo kakang'ono, m'kati muli ufa wotuwa wosakanizika ndi wachikasu.

"Ichi n'chiyaninso?"

"Chotuwacho ndi fumbi la chitsulo, lomwe lija ndinatola tsiku limene tinakumana. Ndiye ineyo. Wachikasuyo ndi safa. Ndiye iweyo, chifukwa ndiwe wowala."

"Safa n'chiyani?" anafunsa amayi a Eliness, amene tsopano anali atasiya zonamizira.

"Sulufule, amayi."

"Sulufule? Yemwe uja wa ku Gehena? Eliness, mwamuna uyu akufuna kukuika m'botolo ndi moto wa Satana!"

Anaseka onse mpaka misozi. Kenako Onesimo anatulutsa maginito ake aja, n'kuwayendetsa m'mbali mwa kabotolo. Fumbi la chitsulo linadzuka n'kutsatira maginito, safa n'kutsala pansi.

"Waona? Panopa ndi msakanizo. Chilichonse chokoka chikhoza kuzilekanitsa. Koma ukazitenthetsa pamoto, zimagwirana n'kukhala chinthu chimodzi chakuda, ndipo maginito sachikokanso." Anamuyang'ana m'maso. "Sunga, Eli. Ndayeza bwinobwino pa sikelo. Tsiku limene akwathu adzabwere kwanu, tidzayatsa moto. Ndikulonjeza. Palibe chidzandikoke kwa iwe."

Maginito aja anamusiyira, ati aziyeserera za kusukulu. Eliness anaika kabotolo pawindo la kuchipinda kwake, pamene dzuwa la m'mawa limafika.

Mvula inabwera, inagwa, inatha. Kabotolo kali pawindo.

"Akwanu abwera liti?"

"Posachedwa, wapamtima."

Isitala inadutsa.

"Onesimo, amalume a Blackson akufunsa. Akuti mnyamata ameneyu azingokhala pa thumba la mpunga ngati kasitomala mpaka liti?"

"Ndikukonza, bebi. Undipatse kanthawi."

Chimene Onesimo sanamuuze ndi ichi. Kwawo ndi ku Nsanje. Amayi ake atamwalira iye ali wamng'ono, anamulera ndi azakhali ake, a Lusiya, mlongo wa bambo ake. Mayi ameneyu akayankhula, ngakhale nkhuku pakhomo zimakhala chete. Chaka chimenecho anali atabwera kudzakhala ku Chilomoni, ndipo anali atamusankhira kale mkazi: Petronela, mtsikana wa m'kwaya ya ku tchalitchi, wa kumudzi komweko. Onesimo sanavomere. Koma sanakanenso. Ankangoti, "Ndamva, azakhali." Mapanga awiri avumbwitsa, koma mwana wa munthu ankaganiza kuti mvula siidzagwa.

Inagwa Loweruka lina mu Meyi.

Kunyumba kwa a Lusiya kunali phwando la ubatizo wa mdzukulu, ndipo anamva kuti nyemba zabwino zili ku Ndirande. Anatenga Petronela, anatenganso Onesimo kuti akanyamule katundu. Onesimo anayesa kuwakokera ku mabenchi a kumunsi. Ayi ndithu! Miyendo ya azakhali inalunjika pa benchi ya nyemba zosankhidwa bwino kuposa zonse.

Eliness atamuona anadzuka, nkhope yonse ikuwala. Mumtima anati, lero ndi lero, wandibweretsera akwawo!

"Onesi..."

"Muli bwanji achemwali?" anamudula Onesimo, maso ali pa nyemba.

Achemwali?

A Lusiya anayang'ana uku ndi uku. "Mumadziwana?"

Thukuta linatsika m'khosi mwa Onesimo ngakhale kunali kozizira.

"Ndi... ndi mwana wa sukulu, azakhali. Ndimamuthandiza kemisitiri."

"Oo, chabwino. Uzilimbikira mwana wanga, aphunzitsi akowa ndi anzeru." A Lusiya anagwira phewa la Petronela. "Tipatse nyemba zabwino. Akaphike ndi mpongozi wanga uyu, ndikufuna anthu akalawe dzanja lake."

Mpongozi! Mawu amenewo anamulasa Eliness pamtima penipeni. Anatenga mbale yoyezera. Dzanja linkanjenjemera, nyemba zina zikugwera pansi, koma anayeza, anaikanso basera, anamanga jumbo n'kuipereka ndi manja awiri.

"Zikomo amayi. Phwando labwino." Kenako anatembenukira kwa Onesimo. "Zikomo aphunzitsi."

Onesimo ananyamula jumbo n'kumapita osacheuka. Amene anacheuka anali Petronela.

Eliness sanalire pamsika. Anauza amayi ake kuti mutu ukuwawa, anakwera mtunda wa ku Goliyo wapansi, analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Pamenepo ndiye analira. Analira kulira kwenikweni, kotulutsa mamina. Mwana wa sukulu? Iye amene ankamusungira futali wotentha Loweruka lililonse? Iye amene anakana amuna awiri a galimoto chifukwa cha munthu wa nsapato zafumbi?

Misozi itaphwa anaona kabotolo pawindo.

Anakhuthulira ufa uja pa pepala. Anakulunga maginito m'kajumbo n'kuwayendetsa pamwamba pake. Fumbi la chitsulo linalumpha lonse, mosavuta, mosakana n'komwe. Anabwereza mpaka pa pepala panatsala chikasu chokhachokha. Chitsulo anachimanga pachokha. Safa anamubwezera m'kabotolo.

Lolemba m'mawa anakwera minibasi ya ku Chilomoni, n'kusiya kaphukusi ka chitsulo kaja kwa mlonda wa pa geti ya sukulu. Ali m'minibasi yobwerera analemba uthenga:

"Aphunzitsi, chitsulo chanu ndabweza. Safa wanga ndasunga. Munati msakanizo suvuta kulekanitsa. Munanena zoona. Phunziro ndalimva."

Foni inayamba kulira asanafike n'komwe m'tauni. Sanayankhe. Mauthenga anabwera ngati mvula ya matalala.

"Eli, chonde yankha."

"Kwathu sitiloza mkazi pamsika, pali njira yake. Ndimafuna ndiwauze bwinobwino."

"Petronela si chibwenzi changa, ndikulumbira!"

"Mchere wanga, sindikudya."

Eliness anayankha kamodzi kokha: "Pamsika sunathe kundiloza. Koma kundikana pamsika unatha." Atatero anamutseka pa foni.

"Musiye," anatero amayi ake. "Amuna ali mbwee ngati nyemba."

"Ndi miyala yomwe, amayi."

Mayeso anali pafupi. Eliness anaika mtima wake wonse pa mabuku, chifukwa pena poti auike panalibe. Tsiku la kemisitiri atatsegula pepala, anapeza funso lakuti afotokoze kusiyana kwa msakanizo ndi kompaundi, apereke ndi chitsanzo. Anaseka pang'ono, msozi n'kudontha pa desiki. Woyang'anira mayeso anamufunsa ngati akudwala. Iye anapukusa mutu n'kulemba. Funso limenelo sanalilembe ndi mutu wokha ayi.

Nanga Onesimo? Anaonda. Kolala ya malaya inayamba kumukulira. Kaphukusi kachitsulo ankayenda nako m'thumba kulikonse.

Lamulungu lina potuluka mu Misa, Petronela anamuimitsa pansi pa mtengo wa jakaranda.

"Achimwene, mtsikana wa nyemba uja si mwana wa sukulu."

Onesimo anafuna kukana, koma Petronela anamudula.

"Ndinaona manja ake. Ine ndili ndi wanga, Kingsley, ndipo kwathu ndinanena kale, anandikalipira, zinatha. Inu mwamuna wamkulu, wandevu, mukubisala kumbuyo kwanga? Musandisandutse chotchingira mantha anu."

Mawa lake ankaphunzitsa ana a fomu wani. Mutu wa phunziro unali womwewo. Anasakaniza chitsulo ndi safa, anaonetsa maginito, ana anaombera m'manja. Kenako anati:

"Zinthu ziwirizi zikhoza kukhala m'botolo limodzi zaka ndi zaka. Koma popanda moto, palibe chimene chimachitika. Zimangokhala..."

Anaima. Choko chili m'manja, ana akudikira. Anali atadzimva yekha.

Ataweruka sanapite kunyumba kwake. Analunjika kwa azakhali. Anawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Anagwada pansi.

"Azakhali, ndinakunamizani. Mtsikana wa nyemba uja ku Ndirande, dzina lake ndi Eliness. Ndi amene ndikufuna kukwatira."

Mpeni unaima.

"Kwawo n'kuti?"

"Makolo ake anachokera ku Thyolo. Ndi Alomwe."

"Ehee! Ndinadziwa! Anthu a chikamwini! Ukakhale kwa mkazi ngati mbuzi yogula, uzikasesa pakhomo pa apongozi? Ana ako akakhale a malume awo? Dzina la mchimwene wanga lidzathere pati? Ine ndinakulera kuti ndikupereke kwa eni ake?"

Onesimo anadzutsa mutu. Chibadwire anali asanawayankhepo mayi amenewa. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

"Munandilera, azakhali, ndipo sindidzaiwala. Mukakana ndimva kuwawa. Koma Petronela sindimukwatira, ndipo wina aliyense sindimukwatira. Ndi Eliness kapena ndikhala choncho."

A Lusiya anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako maso awo anasintha, ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya poto pamoto.

"Dikira. Mtsikana uja anandipatsa jumbo ndi manja awiri? Anandiikira basera?"

"Yemweyo."

"Ndipo ine ndinaima pamaso pake n'kunena kuti mpongozi wanga ndi Petronela? Iwe uli chiimire pomwepo, wanyamula jumbo ngati bulu?"

"Eee, azakhali."

Chinangwa chinauluka n'kumupeza pamutu.

"Chitsiru iwe! Wandiyalutsa! Ine Lusiya, sindinachitepo mwano kwa mwana wa munthu! Wandisandutsa mfiti pamsika wonse wa Ndirande! Ndipo mwanayo sanatukwane, sanaponye mbale, anangoti zikomo amayi?" Anapukusa mutu. "Za chikamwinizo sindinavomere. Tikakambirana ndi akwawo. Koma kupepesa ndiye ndikapepesa ndekha, ndi pakamwa pangapa."

Linali Loweruka la mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa majumbo m'misewu. Eliness anali kuseri kwa nyumba akukupiza mbaula pamene anamva "Odi!" Mawuwo anawadziwa. Mtima unagunda, koma nkhope anaiumitsa.

Onesimo anaima patali, kaphukusi kali m'manja.

"Eli."

"Aphunzitsi. Mayeso tinalemba kale. Mwabwera kudzaphunzitsa ndani?"

"Ndabwera kudzapepesa. Za mwambo zija ndinkangodzitchinjiriza. Anali mantha basi. Ndinaopa azakhali kuposa mmene ndinaopera kukutaya. Ndinalakwa, Eli."

Eliness analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabotolo ndi maginito. Anaziika pansi pakati pawo.

"Thira chitsulo chakocho. Sakaniza. Mawa kukabwera chokoka china, udzalumphanso. Ine zokhala m'botolo ndinatopa nazo."

"Tiyatse moto."

"Moto wake si wa mbaula, Onesimo. Moto wake ndi azakhali ako. Ndipo umauopa."

"Ali kumaso kwa nyumba. Akucheza ndi amayi."

Eliness anaganiza kuti wamva molakwa. Koma pakona ya nyumba panatulukira a Lusiya, atavala chitenje chatsopano, kumbuyo kwawo kuli amayi ake ndi amalume a Blackson, amene anawaitana mwachinsinsi kuchokera ku Bangwe. Eliness anagwada msangamsanga. A Lusiya anamugwira manja onse awiri n'kumudzutsa.

"Mwana wanga, ndinakulasa osadziwa. Wolakwa ndi wamtali uyu, koma pakamwa panali panga. Undikhululukire. Nyemba zako zinali zabwino, panalibe mwala ngakhale umodzi."

Eliness anangolira pa phewa la mayi amene miyezi yonseyi ankamuyesa mdani.

Anthu anakhala pa mkeka. A Lusiya sanachedwe. "Koma a Blackson, ndinene poyera. Mwana wathu sabwera kudzakhala chikamwini."

"Nafenso wathu sapita ku Nsanje," anayankha a Blackson.

Amayi a Eliness anayang'ana kumwamba. Onesimo anayang'ana Eliness.

"Ndingayankhulepo?" anatero Eliness motsitsa mawu. "Ife tinkakamba zokachita lendi ku Machinjiri. Si kwathu, si kwawo. Ndi pathu. Ana akadzabwera, ku Nsanje azidzapita, ku Thyolo azidzapita."

A Blackson anakanda ndevu. A Lusiya anakwinya pakamwa, kenako anati, "Zinazo akambirana ankhoswe. Koma mwana woyamba akakhala wamkazi, dzina ndi langa."

"Ndiye adzakhala wolongolola," anang'ung'udza Onesimo.

"Wati chiyani?"

"Ndati takhuta, azakhali," anathokoza msanga m'chiyankhulo cha kwawo.

Eliness anadzuka, anatenga phale limene amayi ake amakazingira mtedza, n'kuliika pa mbaula. Anapereka kabotolo kwa Onesimo.

"Unalonjeza."

Onesimo anathira chitsulo chake mu safa, anagwedeza, n'kukhuthulira pa phale. Anauza anthu kuti asunthire kumene mphepo ikuchokera. Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako safa anasungunuka, kamoto kobiriwira kanayaka m'mbali, ndipo mwadzidzidzi mulu wonse unafiira psuu, kuwala kukuyenda kuchoka mbali ina kufika ina. Fungo linabuka loti munthu n'kuthawa.

"Ndinanena ine! Gehena!" anakuwa amayi a Eliness akutsokomola, chitenje chili pamphuno. A Lusiya anachita chizindikiro cha mtanda. A Blackson anali atafika kale ku mpanda.

Phale litazizira, panatsala kachibulumwa kakuda, kolimba, kosaoneka bwino n'komwe. Chikasu panalibe. Chotuwa panalibe.

Eliness anatola maginito. Anawatsitsa pang'onopang'ono.

Tinthu tingapo takuda tinalumpha n'kumatirira.

"Nanga izi?" anafunsa, maso ali pa Onesimo.

Onesimo anayang'anitsitsa. "Ndi chitsulo chimene sichinagwirane ndi safa. Chimatsalako pang'ono." Anadzutsa maso. "Ndi mantha anga otsala, Eli. Sindikunamiza kuti atheratu."

Eliness anapukuta tinthu tija ndi chala n'kutiuzira kumphepo. Anatsitsanso maginito, mpaka anagunda kachibulumwa kaja. Anakoka. Anayesanso mbali ina. Kanangokhala phee pa phale.

"Sikakusuntha," ananong'ona.

Onesimo anagwada. "Sikasuntha. Eliness, mchere wa ndiwo zanga, pamaso pa amayi, amalume ndi azakhali anga: undilola?"

"Muyankhe msanga, wagwada pa makala!" anakuwa a Lusiya.

Eliness anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Anatola kachibulumwa kaja, kakadali kofunda, n'kukamanga pa nsonga ya chitenje chake, mfundo ziwiri. Kenako anatenga maginito aja n'kuwaika m'manja mwa a Lusiya.

"Awa musunge ndinu, azakhali. Kuno ntchito yawo yatha."